Cinapha mtengo uyu n'ciani?

Kupanga mtengo wamoyo wa pa tebulo la nkhondo ya tuzidole si nchito yovuta. Mutenga kamtengo, mupaka guluu kumutu kwake, mumatikapo tusiponji togaya tobiliwila, basi mwatsiliza. Masamba amabisa zonse, kaya ni nthambi yopindika molakwika, waya woonekela kapena guluu wodontha. Koma mtengo wakufa ulibe cofunda. Ciliconse cimene manja anu acita cili poyela, ndipo munthu amene anakula akutola nkhuni adzaona bodza lanu akali patali.

Niyambe nafotokoza masewela amene nikamba, cifukwa nikauza abale anga ku Chipata kuti pa Cisanu m'madzulo nimapita kukamenya nkhondo, amayamba aseka, ndiyeno afunsa ngati kuzizila kwa kuno ku England kwanilowa m'mutu. Timasewela pa tebulo lalikulu, la mafiti 6 m'litali na mafiti 4 m'lifupi. Timayalapo nsalu yooneka ngati nthaka, n'kuikapo tumapili, tunyumba, mitsinje na nkhalango. Aliyense amabwela na gulu lake la tumasoja twa citsulo kapena twa pulasitiki, totalika mamilimita 28, tumene anapenta yekha. Mtunda umene kamsoja kangayende timapima na tepi, ndipo kaya cipolopolo calasa kapena caphonya, amagamula ni madayisi. Masewelawa anayamba kale. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akulu-akulu a asilikali masewela ophunzitsila nkhondo pa mapu, ndipo iwo anawalandila. Mu 1913 wolemba mabuku H. G. Wells anatulutsa kabuku ka malamulo kochedwa Little Wars, ka anthu wamba osewela pansi m'nyumba na tumizinga toponya tumitengo. Masiku ano cimake ca zonsezi ni mzinda wa Nottingham, kumene kuli Games Workshop, eni ake a Warhammer, na Warlord Games, amene amapanga Bolt Action.

Pa tebulo mtengo uli na nchito. Kamsoja kamene kali m'nkhalango kamavuta kukalasa, ndipo malamulo ambili amafuna kuti muwelame, muike diso pamene pali mutu wa kamsoja kanu, muone ngati mdani aoneka. Apa m'pamene mitengo yakufa ipambanila yamasamba. Dzanja limalowa pakati pake popanda kugwetsa kanthu, amene wabisala kuseli muona bwino pamene ali, ndipo siikhetsa tusiponji pa nsalu. N'cifukwa cake ngakhale osewela amene alibe nazo kanthu za kukongola amaikonda. Vuto n'lakuti ambili amaipanga mofanana: thunthu limodzi, nthambi zisanu zotambasuka ngati zala, penti wa bulauni kuyambila pansi mpaka pamwamba. Imeneyo kwa ine ni mitengo yamoyo imene mwini wake anaiwala kuiveka masamba.

Nisanagwile waya nimadzifunsa kuti, cinapha mtengo uyu n'ciani, nanga papita nthawi yaitali bwanji? Mtengo umene wafa uli ciimile umavula motsatila dongosolo lake. Oyamba kupita ni masamba, kenako tunthambi twa kunsonga tumene mphepo imathyola m'zaka zoyambilila. Khungwa limang'ambika n'kuyamba kugwa m'zigamba zikulu-zikulu, kusiya thupi losalala. Pambuyo pake nthambi zapakati zimagwa, ndiyeno mutu, mpaka kutsala thunthu na zitsa ziwili kapena zitatu za nthambi zonenepa. Conco mtengo wopanda khungwa koma wodzala tunthambi towonda suoneka m'thengo. Uli ngati nkhalamba ya imvi yokhala na mano a ubwana.

Amene munafikako ku Siavonga kapena ku Sinazongwe munaiona mitengo ya m'nyanja ya Kariba. Madzi anayamba kudzala kumapeto kwa 1958, ndipo anthu a m'cigwa ca Zambezi pafupifupi 57,000, mbali yathu na mbali ya Zimbabwe, anasamutsidwa. M'malo ena mathilakita anagwetsa nkhalango na maunyolo kuti maukonde a asodzi asamakodwe, koma kwina konse mitengo inamila ili ciimile. Mupani, umene kwathu ena amati tsanya, ni wolimba moti ina ikali ciimile mpaka lelo. Ilibe khungwa ngakhale pang'ono. Ni yotuwa ngati phulusa, yosalala, m'munsi muli mzele wakuda woonetsa pamene madzi amafika, pamwamba payela na zitosi za nkhwazi na mbalame zina. Mtengo wa pa lupsa ni wina. Moto umadya kumunsi, mbali imene kunali udzu wambili, n'kusiya mphako yakuda pamene kumwamba kukali khungwa. Umene wagwidwa na ciswe umavala dothi lofiila m'mizele yokwela thunthu. Umene njovu yakankha ku Luangwa kawili-kawili sudukilatu. Mutu umagona pansi ukali wolumikizika ku citsa na luzi lake. Zonsezi anzanga a ku kilabu amazifuna-funa pa intaneti, pamene ine nimangotseka maso.

Koma pali imfa imodzi imene kwathu sin'naionepo, ya mtengo wophedwa na mizinga. Imeneyo tonse timaiphunzila pa zithunzi. Cochuka kwambili ni cimene Frank Hurley anajambula pa 29 October 1917 ku Chateau Wood, pafupi na Ypres m'dziko la Belgium. Masoja asanu a ku Australia ayenda pa matabwa oyalidwa pamwamba pa matope na madzi, ndipo mitengo yowazungulila ili ngati mapolo a malaiti amene galimoto yagunda. Nthambi zotambasuka palibe. Mabomba anasadza zonse, mitu inathyoka pa misinkhu yosiyana-siyana, ndipo pothyokapo pali zibenthu zosongoka zoloza kumwamba. Wojambula na penti Paul Nash, amene anali msilikali kumeneko, anaonetsa zofanana pa cithunzi cake ca mu 1918 cimene cili ku Imperial War Museum ku London. Munthu akapanga tebulo la Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse n'kuikapo mitengo yopotana-potana ya m'nthano za mfiti, nimadziwa kuti zithunzi izi sanaziyang'ane. Mitengo yopotana malo ake ni ku Warhammer, ndipo kumeneko ni yabwino, ngakhale kuti zibade za anthu zimene amapacikamo zimaculuka kuposa anthu amene anakhalapo m'dzikomo.

Mafupa a mtengo nimapanga na waya, ndipo apa ife amene tinakula tikupanga tumotoka twa mawaya tili na mwayi, cifukwa zala zidziwa kale zimene waya amalola na zimene amakana. Nimasenda nthambo yakale ya malaiti kuti nipeze tumawaya twa kopa, 20 kapena 30, n'kutudula pa masentimita 25. Nimatumanga pamodzi, nigwila na pulayasi masentimita 3 kucokela pansi, n'kupota kukwela m'mwamba kuti pakhale thunthu. Tumene twatsala pansi nimatutambasula kuti tukhale mizu. Kumwamba nimagawa mtolo pawili, koma osati pakati-kati: mbali ina itenge kwambili, ina pang'ono. Mbali iliyonse nimaipotanso pang'ono, n'kuigawanso mofananamo, mpaka kutsale waya umodzi kapena awili. Pamapeto pake nimatenga pulayasi n'kuthyola-thyola nthambi m'makona. Nthambi ya mtengo weniweni simapindika ngati utawaleza. Imayenda mowongoka, yafika pamene panali mphanda ikhota mwadzidzidzi, n'kupitanso mowongoka. Mukaphonya apa, mtengo wanu udzaoneka ngati zingwe za m'cimbudzi ca ndege, kapena ngati supageti.

Mtengo wa mizinga sufuna waya wambili. Nimamanga pamodzi tunsungwi tumene amasomekapo nyama yowocha, tusanu kapena tusanu na kamodzi, na guluu wa matabwa. Tukauma nimatuthyola na manja pa bondo. Sowo kapena mpeni zimasiya podula posalala, pamene nsungwi yothyoledwa imasiya ulusi wake wosongoka, wautali mosiyana, wofanana ndendende na za pa cithunzi ca Hurley. Tumitengo twa macisa tumagwilanso nchito pa zitsa zing'ono-zing'ono.

Kenako kumabwela khungu. Nimakulunga thunthu na tishu yonyowetsedwa m'guluu wa matabwa wothilako madzi, kuti mapotedwe a waya asaoneke. Ikauma nimapakapo pulasitala wotsekela ming'alu ya m'cipupa, amene kuno ambili amangoti Polyfilla, wosakaniza na guluu mpaka akhale ngati phala lolimba. Guluuyo amathandiza kuti pulasitala asagamuke mtengo ukagwa pa tebulo. Pamene nifuna kuti pakhale khungwa nimasakanizako utuci wosefa. Pamene khungwa linagwa nimasiya posalala, n'kudula malile ake na nsonga ya mpeni kuti pakhale kasitepe. Kasitepe kameneka, kosakwana na milimita imodzi, n'kamene kamauza diso kuti apa panali cinthu cimene cinagwa. Pulasitala akayamba kugwila koma asanaumiletu, nimakanda mizele na singano kutsika thunthu, mopendekela pang'ono, cifukwa ming'alu ya mtengo wouma nthawi zambili imazungulila thunthu pang'ono-pang'ono. Nikamaliza nimausiya ugone usiku wonse.

Pali njila yacidule imene imaposa zonsezi pa kukongola, ndiyo mizu yeniyeni. Kanthambi ka mtengo waukulu sikathandiza, popeza khungwa lake na tumaso twake n'zazikulu kwambili pafupi na kamsoja, kamaonekabe kanthambi. Koma muzu wa citsamba, mukauzondotsa mutu pansi, umagawikana pafupi-pafupi ngati mtengo waukulu wooneka patali. Aneba akamazula mpanda wawo wa zitsamba nimapempha mizu, ndipo amaniyang'ana ngati sing'anga. Nimaitsuka, kuiumika, kenako kuiika mu uvuni pa moto wocepa, madigili 100, kwa ola limodzi kuti tuzilombo twa mkati tufe. Pa ola limenelo musacoke m'khichini. Ikazizila nimaipaka guluu wamadzi-madzi kuti ilimbe. Ngakhale n'telo imathyoka msanga m'cola, conco ya mizu imakhala panyumba, ya waya ndiye imakwela basi kupita ku kilabu.

Pa penti m'pamene timakangana kwambili. Mwana aliyense ku sukulu amaphunzila kuti thunthu la mtengo ni bulauni, ndipo amakula nazo. Pitani mukayang'ane mtanda wa khola lakale kapena mpini wa khasu umene unaiwalika kumunda: mtengo umene dzuwa na mvula zaumenya kwa zaka ni wotuwa. Ine nimayamba na penti wakuda thupi lonse. Akauma nimaviika kabulashi kolimba m'penti wotuwa, nikapukuta pa pepa mpaka kaoneke ngati kalibe kanthu, n'kukapititsa mopepuka modutsa mizele ija. Penti amatsala pa zotumphuka cabe, m'ming'alu mumakhalabe mdima. Nimabweleza katatu, nthawi iliyonse na penti woyelelako komanso wocepelako, ndipo womaliza, wotsala pang'ono kuyela, amangokhudza nsonga na makona. Bulauni amabwela pothela, wamadzi-madzi, kumunsi kumene matope amathovukila. Ngati mtengo ni wa ku Ulaya nimawonjezela kobiliwila pang'ono mbali imodzi, cifukwa kuno cinyezi cimameletsa ndele pa ciliconse cimene caima malo amodzi.

Pansi pake nimamata kacitsulo kozungulila kamene amakanika amati washa, kuti mtengo ukhale na kulemela usamagwe munthu akagunda tebulo. Nkhalango yonse imakhala pa kathabwa kopyapyala, ndipo mtengo uliwonse umanyamulika pawokha kuti gulu la tumasoja likalowa lipeze poima. Cimene ambili amaiwala ni nthambi zimene zinagwa. Ngati mtengo ulibe mutu, mutuwo uli kuti? M'nkhalango ya nkhondo palibe amayi otola nkhuni, conco zonse ziyenela kukhala pansi pomwepo, zina zitamila theka m'matope. Za msinkhu, tonse timanama mogwilizana. Kamsoja ka mamilimita 28 n'kocepa nthawi pafupifupi 56 poyelekezela na munthu, kutanthauza kuti mtengo wa mamita 15 uyenela kukhala masentimita 27. Woteloyo ungamakole malaya a osewela, conco timalekezela pa masentimita 10 mpaka 15. Koma kunenepa kwa thunthu sin'malola kunama. Lizikhala lalikulu moti kamsoja kangabisale kumbuyo kwake.

Oyamba kupanga mitengo yakufa yabodza mosamala conco anali asilikali eni ake. Ku France na ku Belgium dziko linali lathyathyathya ndipo aliyense wotulutsa mutu m'ngalande anali kuwombeledwa, conco anafuna poonela adani. Afalansa anayamba mu 1915, Angelezi anatsatila mu 1916 mothandizidwa na wojambula Solomon J. Solomon, ndipo Ajelemani nawonso anali nayo yawo. Wojambula anali kusankha mtengo umodzi wothyoka pafupi na ngalande, n'kuujambula bwino-bwino. Kumbuyo, amisili anali kupanga wofanana nawo wacitsulo, wamphako, wokhala na makwelelo mkati na tumazenela toonela, kunja ataumata khungwa lacitsulo lokwinya-kwinya. Usiku anali kudula weniweni uja n'kuimika wabodza pamalo pake. Kukaca mdani, amene anali atayang'ana mtengo umenewo kwa miyezi, anayenela kuona kuti palibe casintha. Nthambi imodzi ikakhala kumene siinali, munthu wa mkatimo anali kufa. Umodzi wa Ajelemani, umene unagwidwa mu 1917, uli ku Australian War Memorial ku Canberra.

Pali pano tikonza tebulo la Delville Wood, kankhalango ka pafupi na mudzi wa Longueval ku Somme. Pa 15 July 1916 asilikali a ku South Africa oposa 3,000 analowamo atauzidwa kuti asacokemo zivute zitani. Anawacotsamo pa 20 July, ndipo powelenga maina amene anayankha sanafike 800. Tsiku loyamba inali nkhalango yeniyeni ya masamba obiliwila, yokhala na tunjila tumene masoja anatupatsa maina a misewu, monga Regent Street na Princes Street. Patapita masiku asanu inali zitsa. Izi zinasokoneza zonse zimene nakamba za penti wotuwa, cifukwa mitengo iyi inali itafa dzulo lake. Khungwa likali lakuda ndipo likali pathupi, pothyoka payela mwacikasu ngati mkati mwa nzimbe, ndipo pansi padzala nthambi zimene masamba ake angoyamba kufota. Kupenta mabala atsopano amenewa, mtengo na mtengo, kumanilemetsa mtima kuposa kupenta mfuti.

Mnzanga wina wa ku kilabu anafuna kuti timwaze tuzidole twa mitembo pakati pa mitengo kuti cioneke ceniceni. N'nakana, ndipo tinakambilana nthawi yaitali. Iye anati kubisa mitembo ni kunamiza anthu kuti nkhondo ni yaukhondo, ndipo mfundo yake si yopusa. Ine n'nati thunthu lonenepa kuposa munthu, litang'ambika pa msinkhu wa pa cifuwa, lakamba kale zimene citsulo cimeneco cinacita kwa mnyamata amene anaima pambali pake. Kamtembo ka pulasitiki, pakapita maola awili, kamasanduka cinthu cosuntha kuti dayisi lipeze pogwela. Adzukulu a anthu aja akali moyo ndipo ena amabwela ku zionetselo za masewelawa. Tinamaliza movota, ndipo mbali yanga inapambana na munthu mmodzi cabe.

Mnzanga yemweyo, pofuna kunikondweletsa, anati tikatsiliza tidzaseweletse mitengo imodzi-modziyo pa nkhondo ya kwanu. Anali kukamba za mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, amene uthenga wakuti nkhondo yatha unam'peza pafupi na mtsinje wa Chambeshi pa 14 November 1918, n'kukatula zida ku Abercorn, kumene lomba ni Mbala, pa 25 November. N'namuuza kuti mitengo iyi siingalowe pa tebulo limenelo. Mu November mvula imakhala itayamba ndipo miombo ili biliwili. Kunalibenso mizinga mazana-mazana yolima malo amodzi usana na usiku. Nkhondo ya kwathu inasiya mitengo ili bwino-bwino n'kupha amtenga-tenga, amuna otengedwa m'midzi kukasenza katundu wa asilikali, amene anafa na njala, matenda na kutopa. Ngati pafunika mitengo yopanda nthambi pa tebulo la kumpoto, ikhale ya citemene, yosadzidwa na nkhwangwa kuti nthambi zikawochedwe pa munda. Ndipo imeneyo si yakufa. Mvula ikagwa imaphuka, conco iyenela kukhala na tumasamba tofiilila pa zitsa zake.

Ku Delville Wood nkhalango anaibyalanso nkhondo itatha, koma pali mtengo umodzi, wa mtundu wa hornbeam, umene unapulumuka ndipo ukali moyo, tuzitsulo twa mabomba tuli m'thupi mwake. Pa mitengo 40 imene tifuna napanga 31, uliwonse madzulo amodzi, ndipo uwu ndiye nili nawo m'manja tsopano. Naupangila tumawaya 40 kuti thunthu linenepe, nadula nthambi zonse za mbali imodzi, ndipo mbali inayo nasiya zitatu zimene zidzakhala na masamba ocepa. Anzanga anafunsa ngati kamsoja kobisala kuseli kwake kazipatsidwa citetezo coposa ca pa zitsa zina, popeza uli na masamba. Tinatsegula buku la malamulo, ndipo limati mtengo ni mtengo.